Chaputala Chimene Anasintha Wotaipa

Anakumana m'kashopu kotaipa makalata, momwe mtsikana wina ankagwira ntchito pakati pa makina a fotokope ndi fani yokalamba yongopukusa mutu. Mnyamata wamtali analowa atakumbatira makope asanu.

"Achemwali, munganditaipire buku langali? Koma mundikhululukire, zolemba zanga zili ngati mwapalasa nkhuku."

Bukulo linkakamba za mmisiri wokonza mawotchi amene ankamva mawu a munthu wosaoneka. Funso la buku lonse linali limodzi: kodi mmisiriyo ndi wamisala, kapena ndi woona zauzimu?

Masabata atatu asanathe, mtsikanayo anali atamira m'chikondi. Mauthenga a pafoni ankangogwa ngati mvula.

"Kambalame kanga, wafika tsamba liti? Bukuli likangotuluka ndikukwatira, ndalumbira."

"Alembi anga, mtima munatenga kale. Bukulo n'longoperekeza."

Chaputala chomaliza chokha ndicho sichinamukomere. Mmisiri uja anapita kuchipatala, n'kuyamba kumwa mapiritsi, mawu aja n'kuleka.

"Apa ndiye mwalemba mwamantha, wokondedwa," anatero mtsikanayo. "Wamisala amangobwebweta. Uyu akulankhula zanzeru, zolimbitsa anthu mtima. Mukumupheranji mphatso yake? Ataye mapiritsiwo!"

Mnyamatayo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ukunena zochokera pansi pamtima? Kuti sakudwala?"

"Ndikanakhala mkazi wake, ndikanamukonda momwemo."

Anasintha chaputalacho limodzi, akuseka. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Patatha mwezi, mauthenga anayamba kudabwitsa. "Andiuza kuti ndisadye lero." Wina: "Usadutse pamlatho, akukuona." Kenako zii. Mtsikanayo ankaimba foni mpaka chala kuwawa. Kodi wapeza wina? Kodi walakwa chiyani?

Lachinayi masana munalowa mayi wamaso ofiira, n'kuika pa tebulo kabotolo kodzaza mapiritsi.

"Ndinu mumataipa buku la mlongo wanga? Zaka zinayi wakhala bwinobwino ndi mankhwala awa. Akuti inu munamuuza kuti sadwala."

"Ine ndimanena za munthu wa m'buku, mmisiri wa mawotchi uja!"

"Nanga iyeyo mumayesa amadya buku? Amakonza mawotchi kuseri kwa depoti. Anakubisirani chifukwa cha manyazi." Mayiyo anapukuta m'maso. "Woona zauzimu amapita kutaliko n'kubwerako, mwana wanga. Amadya, amagona, amadziwa abale ake. Uyu tamutola pamsewu wopanda nsapato, masiku asanu osalawa kanthu, ndipo mankhwala akukana."

Mtsikanayo anayang'ana kabotolo kaja. Anadzida kuposa mmene anadera munthu aliyense.

Kuchipatala anamupeza atakhala pabedi, atawonda, milomo itang'ambika. Anagwada n'kumugwira dzanja.

"Alembi anga, ndine. Ndinalakwa ine, ndinkangokometsa nkhani. Chonde imwani mankhwala, mubwerere kwa ine."

Mnyamatayo anamwetulira mofatsa, mmene ankamwetulira kale.

"Kambalame kanga sikanalakwe. Mwa anthu onse, ndi kokhako kanandikhulupirira."

"Ndine ndemwe, wokondedwa. Tandiyang'anani."

Anamuyang'anadi, kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi. Kenako anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, n'kutembenukira kukhomo.

"Anamwino, mutulutseni mayi uyu. Akufanana naye ndithu, koma wanga uja sangandiuze zimenezi."