Bokosi la a Dagogo Pansi pa Mlatho

Nkhani iyi si yopeka. Anthu atatu amene anali m'boti tsiku limenelo onse ali moyo, ndipo Tekena, yemwe ankagwira injini, amaikamba chimodzimodzi kaya wamwa kaya sanamwe.

Belema anali atalonjeza bambo ake, a Dagogo, kuti akadzamwalira sadzagona m'manda a ku Port Harcourt. Adzawatengera kwawo kuchilumba, pa boti lawo lomwe lija ankanyamulira nsomba zouma. Tsikulo litafika, sanafune kumva za njira ina. Kwathu kuno maliro sayenda pansi pomwe amoyo amaponda, choncho bokosi analimangirira pamwamba pa denga la boti. Mkati munakhala Belema, azakhali ake a Ibifuro, ndi Tekena, mwana wa azakhaliwo.

Kumochale anawachedwetsa. Pofika pangalande yachidule, pomwe pali mlatho wakale wachitsulo, dzuwa linali litapendeka ndipo madzi a m'nyanja anali atayamba kukwera mumtsinje. Woyendetsa boti aliyense amadziwa kuti pansi pa mlatho waufupi sulowapo madzi akukwera. Ukakodwa pansi pake, madziwo amakunyamula pang'onopang'ono n'kukufinyira kuzitsulo.

"Tidikire aphwe," anatero Tekena.

"Akamaphwa kukhala kutada kalekale," anatero Belema. "Sitidikira. Manda akumba kale, pofika mawa adzakhala chitsime. Lowa."

"Iwe msuweni, mutu wako ndi wouma ngati wa malume."

"Nanga ukudabwa chiyani? Ngati ukuopa, ndipatse injiniyo, ukakhale pamwendo pa amayi ako."

Tekena anatsonya. Anayang'ana mzere wa nkhono zomata pachipilala cha mlatho, womwe amayezera masiku onse, n'kuona kuti mpata ulipo. Koma m'mutu mwake anayeza boti lokha. Bokosi analiiwala.

Chitsulo choyamba chopingasa anachidutsa mokhula, utoto wa bokosi n'kutsalira pomwepo. Chachiwiri chinali chowerama ndi ukalamba. Bokosi linagunda, khu! Tekena anabweza injini, koma madzi anali atakwera kale, ndipo chitsulo choyamba chija chinawatsekera kumbuyo. Kulimasula bokosi kuti alitsitse sikukanatheka, poti pamwambapo panalibe polowetsa ngakhale mkono. Injini inatsokomola n'kuzima.

Pansi pamenepo panali mdima, fungo la dzimbiri ndi matope. Mileme inkasokosa. Pamwamba, matabwa a bokosi anayamba kuthetheka.

"Mayo ine, mlongo wanga aphwanyikira pano!" analira azakhali.

"Saphwanyika," anatero Belema. "Tungani madzi muthire m'boti. Lilemere, litsike."

Anatunga ndi ndowa, ndi poto, ndi chipewa chomwe. Belema ankathira mpaka manja kuchita dzanzi. Koma boti likatsika pang'ono, mtsinje unkakwera kuposa pamenepo. Msomali wina unathothoka n'kugwera m'madzi, chubwi.

Belema anaika ndowa pansi. Anagwira denga ndi zikhatho zonse ziwiri, pansi penipeni pa mutu wa bokosi.

"Ababa," anatero chapansipansi, "ndine Belema. Ndakulowetsani madzi akukwera ndine. Mukandikalipire kunyumba. Koma pano sindikusiyani, ndipo inenso sindichokapo. Itanani anzanu amene anatsogola."

Mileme inangoti zii.

Kenako boti linapendekera kumanja, monga limachitira munthu akamakwera. Linabwerera. Linapendekera kumanzere. Thabwa lokhalapo linalira. Lina linalira. Panamveka fungo la fodya wa m'mphuno ndi la maukonde onyowa.

"Akukwera ndani?" ananong'ona Tekena.

"Tseka pakamwa," anatero amayi ake. "Yang'ana pansi. Sendera, uwapatse malo."

Tekena anasendera. Amati phewa lake linazizira mbali imodzi yokha.

Boti linatsika. Linatsikabe. Madzi anafika m'milomo mwa boti, osalowa. Belema anamva mpweya wa munthu kumbuyo kwa khosi lake. Sanacheuke. Anatola nsungwi, naitsamiritsa pachipilala, n'kukankha ndi chifuwa. Boti linasuntha. Bokosi linadutsa pansi pa chitsulo chija osachikhudza.

Atatulukira powala, boti linayambanso kupendeka, uku ndi uku, kamodzikamodzi, likukwera. Palibe chimene chinagwera m'madzi. Palibe thovu limene linaoneka. Tekena atakoka chingwe, injini inalira nthawi yomweyo.

Anafika kuchilumba kusanade, ndipo a Dagogo anaikidwa pafupi ndi amayi awo.

M'mawa mwake Belema anakapa madzi onse m'boti, n'kulipukuta. Linauma gwa. Koma kumbuyo, chakumanzere, linakhalabe lotsika ngati pali katundu. Amisiri awiri aliunika, alitembenuza, sanapeze pobooka. Belema amaliyendetsabe mpaka lero, ndipo pathabwa la pamenepo sakhazikapo aliyense, ngakhale anthu atadzaza mpaka ena kuimirira. Mlendo akafunsa chifukwa chake, iye sakweza n'komwe maso.

"Pali munthu," amatero.