Munda Wotsirika wa a Sefu

Pauline ankatsuka madengu a sitiroberi pakhonde, nkhungu itayamba kutsika m'phiri la Zomba, pamene anamva khasu likulira kumunda. Anaseka yekha. Mwamuna wake Yakobo, munthu woti khasu amaliona ngati mdani, angalime madzulo?

Mundawo unali wa a Sefu, mkulu wocheka matabwa. Anagwirizana pamaso pa mboni kuti amugulitsa Pauline mundawo, koma anaikapo mawu: "Musachotsemo kanthu mpaka ndidzazule zimene ndinakwirira m'makona. Ndikatero, ndiye wanu." Mudzi wonse unkadziwa kuti mundawo ndi wotsirika. Koma Pauline, ndi mtima wake wapachala, anati zimenezo nzachikale, nadzalamo sitiroberi poopa kuti nyengo ingamupite. Zipatso zisanapse, a Sefu anagwa m'nkhalango ya paini, osadzukanso.

Tsiku limene khasu linalirali ndi limene Pauline anatuma Yakobo kukathyola zipatso zoyamba.

Pauline atafika m'malire, anapeza dengu lodzaza lili pambali, Yakobo akulima, m'manja muli magazi okhaokha. Ponseponse pankanunkha utuchi wauwisi, chonsecho panalibe wocheka matabwa.

"Bambo a Peace, tiyeni kunyumba."

"Njira sindikuiona," anatero Yakobo osadzutsa mutu. "Paliponse pali mpanda."

Mpanda panalibe.

Anthu anasonkhana, koma aliyense ankaima m'malire ngati pali dzenje. Mayi Mwanamvua, mlongo wa malemu, anapukusa mutu.

"Wakuba amamasulidwa ndi mwini munda, mwananga."

"Mwini ndine!" anakuwa Pauline. "Bambo a Peace, munda ndi wanga, tulukani!"

Khasu linangopitiriza kulira.

"Wanu bwanji, achimwene asanazule?" anatero mayiwo motsitsa mawu.

Anabwera abusa, anabwera shehe, sing'anga wa ku Jali naye anangoyang'ana n'kukwera njinga yake. Chakudya anthu ankamupatsira Yakobo pansonga ya nsungwi. Yakobo ankawonda anthu akuona, ndipo amayi ochokera kunkhuni ankanong'onezana kuti nkhungu ikatsika amamva akulankhula ndi munthu. Pauline chisoni chinamudya, poti anamutuma ndi iye.

Mmawa wina anati zikhale zilizonse, akazula yekha. Analowa osakhudza chipatso ngakhale chimodzi, nafukula pakona ndi zala. Anapeza kanyanga kokulungidwa ndi nsanza yakuda, kofunda ngati dzira loikiridwa kumene. Anakazula, mtima uli m'malo kuti zatha.

Potembenuka, sanaone nyumba kapena msewu wokwera kuphiri. Anangoona mpanda wa minga, wautali, mbali zonse. Apo ndi pamene anazindikira kuti nayenso wachotsa chinthu m'munda wa eni.

Yakobo anaweramuka, misozi ili chuchuchu, namupatsira khasu lina.

"A Sefu anandiuza kuti ubwera. Ili anakusungira iwe."