Njerwa M'magazi

Lolemba lina mu 2003, a Benedicta Mvula, mphunzitsi wa sayansi kwa Dambe, anatsegula bokosi la maikulosikopu ana akuona. Munali njerwa ziwiri basi.

Makina oonera tinthu ting'onoting'onowo anali a bungwe la aphunzitsi a sayansi m'bomalo, ndipo ankazungulira masukulu pa njinga ya Vitus wakabaza. Vitus analumbira kuti anapereka bokosi lathunthu. Tsoka lake, mayiwo analilandira osatsegula. Posakhalitsa mbiri inawanda yoti mayiwo agulitsa makinawo ku Zambia.

Zinawawawa zedi. Komanso funso linawakanirira: ndani angabe chinthu chosaimba nyimbo, chosaphikira?

Pamsonkhano wa bungwe, wapampando sanapsatire mawu. "Akapanda kupezeka, mayi, dzina lanu tilifufuta."

Pakumwa tiyi, mphunzitsi wina wa ku Kachebere anadandaula za azakhali ake. "Kuli dokotala watsopano pa Kamwendo. Akuti anawaonetsa pamakina tinjerwa m'magazi mwawo."

A Benedicta anatula kapu. "Tinjerwa tondondozana bwinobwino?"

Tsiku la msika anapita komweko ndi wapolisi, a Wilson, omwe anavala zovala wamba. Kuseri kwa golosale kunali mzere wa odwala, ena akutsika panjinga ya Vitus. Mayiwo anadziphimba chitenje kumutu.

M'kachipinda ka kuseriko, mwamuna wa jekete yoyera wotchedwa Dokotala Enoki anawabaya chala. Magaziwo anangowapukuta ndi thonje, kagalasi ka m'makina osakasintha n'komwe.

"Suzumirani, mayi. Mwaziona njerwazo? Zikutseka mitsempha. Koma mankhwala alipo."

A Benedicta anasuzumira. Pakona ya kagalasiko panali pobenthuka pomwe ankapadziwa.

"Kameneka ndi kakhungu ka anyezi, bambo. Ndinasenda ndekha."

Enoki anayang'ana kukhomo, koma a Wilson anali ataima pomwepo.

"Taimani ndione nane," anatero wapolisiyo. Anasuzumira nthawi yaitali, nkhope n'kugwa. "Ndiye akazi anga amwa zowawa mwezi wathunthu chifukwa cha anyezi?"

Unyolo unalira m'manja mwa Enoki. Vitus, yemwe anali mlamu wake wa Enoki, naye anagwidwa akupopa tayala. Khoti linawapatsa zaka zitatu aliyense.

Pamsonkhano wotsatira, a Benedicta anasenza okha bokosilo n'kulitula patsogolo pa wapampando. Wapampandoyo anatambasula dzanja kuti apepese.

"Yambani mwatsegula, bambo," anatero mayiwo. "Ine ndinaphunzirapo."