Muvi wa pa Foni ya Alamu Anga

Ine Fabiano nkhani za mizimu ndinkaziseka. Koma izi ndinaziona ndi maso angawa, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo a Yoramu, mkulu wa adzukulu okumba manda kwathu ku Mlangeni, analipo. Mukawapeza kawafunseni.

Alamu anga a Kingston, amuna a mlongo wanga Maness, anali alimi a kachewere okonda zachilendo. Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira makina oyeza nyengo, a timakapu titatu tozungulira ndi kamchira kotsata mphepo. Pa foni pankaoneka bwalo, pakati pake muvi woloza kumene mphepo ikuchokera, m'munsi nambala ya liwiro lake. Ankayang'anapo asanakapopere mankhwala kudimba, ndipo mlendo aliyense ankaonetsedwa muviwo, afune asafune.

Makinawo ankafuna mtengo wautali woimikapo. Alamu anga, ndi liuma lawo lija, anakaudula kumanda. Ndi mwana yemwe amadziwa kuti kumanda sikulowa nkhwangwa popanda maliro, koma iwo anangoti mtengo ndi mtengo.

Lolemba lina mu Okutobala anandiitana. Kunja kunali bata, tsamba osagwedera, timakapu titangoima. Nambala inali ziro. Koma muvi unali utaloza kumanda, ukunjenjemera.

"Afa makinawa, alamu," ndinatero.

M'mawa mwake muvi unasuntha n'kuloza kwa mayi Aida, nyumba yoyamba pochokera kumanda. Dzuwa lisanalowe tinamva kulira. Patatha masiku anayi unaloza nyumba yachiwiri, ya a Benson. A Benson anagwa n'kufera m'munda khasu lili m'manja. Nyumba yachitatu pa njirayo inali ya alamu anga, ndipo Maness anali atagona kale, akudandaula mutu.

Tinagwetsa mtengowo. Tinachotsa mabatire, makina n'kuponya m'thumba la feteleza. Muvi sunazime. Unaloza kuchipinda kumene mlongo wanga anagona.

Chibadwire sindinachitepo mantha otere. Nyenje zimene zinkalira m'mitengo zinangoti zii. M'nyumba munadzaza fungo la dothi lokumba kumene, pomwe mvula inali isanagwe.

Tinathamangira kwa a Yoramu. Anayang'ana foni kamodzi, osafuna kuigwira.

"Mtengowo munadula ndinu," anauza a Kingston motsitsa mawu. "Kabwezeni nokha, paphewa, dzuwa lisanapendeke."

Tinapita atatu. A Yoramu patsogolo, alamu pakati atasenza mtengo, ine kumbuyo ndi foni. Njira yonse muvi unkaloza kumbuyo kwathu, kwa Maness. Titafika pa chitsa chija, alamu anatula mtengo, nagwada, napepesa.

Muvi unayamba kutembenuka. Pang'onopang'ono. Unachoka kumudzi. Ndinatsala pang'ono kukuwa ndi chimwemwe.

Kenako unaima. Unaloza a Kingston.

Ndinasunthira kumanzere. Unawatsata. Ndinawazungulira. Unazungulira nane, nsonga ili pa iwo. Ndinaonetsa a Yoramu, iwo anangovula chipewa.

Alamu anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, nandiyang'ana kumaso. Foni sanaipemphe.

"Wachoka kwa mayi a ana?" anafunsa.

"Wachoka."

"Waloza kuti?"

Ndinabisa foni kumbuyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu.

"Basi. Tiyeni kunyumba."

Maness tinamupeza atakhala pakhonde, akuti mutu wasiya, akufunsa kumene tinapita. Alamu anakhala pambali pake mpaka madzulo, akumusimbira kumene anasunga mbewu ya kachewere ndi tsiku lothira feteleza. Iye ankaseka, akudabwa chawalowa.

Alamu sanadwale. Sanadandaule paliponse. Tinawaika Lachisanu, ndipo mpaka lero mlongo wanga sindinamuuze chimene ndinaona pa foni ija.