Okwela Kumbuyo m'Galimoto ya Ba Kalenga

Khalani pansi inu! Zimani TV iyo, pakamwa tseke. Iwe wogwila cholembela, lemba mmene ndikunenela, usandikonze. Sukulu sindinapondeko ine, koma galimoto ija inagonjetsa a masatifiketi, ine ayi.

Anali madzulo, ndikuanula zovala konkuno ku Woodlands, pamene mwana wanga Dingani analowetsa galimoto yakale pageti. Inali ya Ba Kalenga a ku Lilayi, amalume a mkazi wake Tryness, amene tinali titangowaika m'manda. Achibale onse anaikana, iye n'kumati mwayi. Tryness anali ndi pakati potopa, ndiye pankafunika chomuthamangitsila kuchipatala.

M'mawa kuiliza, yalila bwinobwino. Kuika giya, yanjenjemela, thi! Yazima. Kuyesanso, chimodzimodzi. Anaikankha ndi aneba, koma mphuno itangolowa pageti inakana ngakhale kukankhidwa. Geti yathu mukuidziwa, ndi imodzi, ndipo mpanda uli ndi waya wamagetsi pamwamba. Oonda ankadzifinya m'mbali n'kudutsa. Tryness ndi mimba ija, ayi.

Anaitana Ba Amock, makanika a ku Kabwata.

"Ba Dingani, injini ikamalila chabe, sinanyamule kanthu," anatelo. "Mukaika giya m'pamene yasenza katundu. Ikazima, mwina mafuta safika bwino, mwina paipi yang'ambika ikuba mphepo, olo giyabokosi yagwila."

Masiku atatu ali pomwepo. Anasintha mapulagi, anasintha sefa ya mafuta, mapaipi onse anawapapasa, giyabokosi anaithila oilo watsopano. Kuika giya, thi!

Tsiku lachitatu masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, anatuluka kunsi kwa galimoto nkhope itatuwa.

"Mu buti muli chani?"

"Mulibe kanthu," anayankha Dingani.

"Nanga kumbuyo yakhalila pansi bwanji? Monga mwakwela akuluakulu atatu."

Ndinasuzumila. Pampando palibe munthu, koma magalasi akumbuyo ali ndi nthunzi cham'kati, ngati wina akupumilapo. Fungo lake la dothi longokumba kumene, pamene mvula sinagwe. Ba Amock anatola masipanala awo n'kuchoka osatsazika.

Nthawi yomweyo Tryness anakuwa pakhonde. "Amayi, chayamba! Amayi!"

Takisi inabwela, inaima panja. Nanga adutsa pati? Dingani thukuta kamukamu, kuliza, giya, thi. Kuliza, giya, thi. Ine ndinamva bwinobwino, injini ikazima kumbuyo kunkatsala kupuma.

Apo ndinakumbuka. Ba Kalenga ankanyamula anthu ndi galimoto imeneyi, ndipo ku Lilayi ankanong'ona za atatu amene anatsika ali bwino koma sanaone dzuwa la mawa lake. Ankati anawasandutsa ndondocha, akufa omugwilila nchito. Ine nditapita kukacheza kumeneko ndinaona ndi maso angawa. Ba Kalenga akafika panyumba ali okhaokha, ankatsegula chitseko chakumbuyo n'kulankhula motsitsa. Ena sanasamale, ine ndinasunga mawuwo. Dingani anabwela nawo anthu aja osawatsitsa. Masiku anayi ali khale! Ulendo wina akanalola?

Nditayandikila galimoto, Dingani anakuwa, "Amayi, chokaniko uko!"

"Khala chete iwe, gwila chiwongolelo."

Ndinatsegula chitseko chakumbuyo n'kunena kuti, "Tsikani, tafika."

Galimoto inadzuka kumbuyo, kwee! Chinthu chozizila chinakhudza chitenje changa. Kamodzi. Kawili. Kachitatu. Dingani kuika giya, njinjinji, yagwila! Tinamukweza Tryness, ndipo dzuwa lisanalowe Lubuto anabadwa, yemweyu amathyola maluwa anga.

Koma chitseko ndinatsegulacho chinali m'kati mwa mpanda. Ine ndi chimwemwe ndinakoka geti, loko khethe. Musandiyang'ane choncho! Makanika anathawa, ine ndinaima. Galimoto inapita kwa ogula zitsulo, koma eni mpando anatsala muno. Mumayesa mbale zitatu zimene ndimapita nazo kuseli kwa thanki ya madzi n'za agalu? Tili ndi galu ife? Ndayesa kuwatsegulila geti, satuluka. Mawu owatsitsa ndinawamva, koma owakweza Ba Kalenga anapita nawo. Tsono chaka chino ayamba ku...

Ati chani, Tryness? Lubuto sakuoneka? Usapiteko wekha kuthanki, mawu ako sawadziwa! Ndabwela! Inu khalani pomwepo, ndipo wina asatsegule chitseko.