Mtanda Wokana Maginito

Nkhaniyi anandiuza ndi Alfons, wometa tsitsi wa ku Pforzheim, ku Jeremani, lumo lili pakhosi panga, moti sindinathe kumutsutsa.

Hiltrud anakwatiwa ndi Ekkehard ali kale ndi mwana wamkazi, Gerlinde, amene bambo ake anathawa usilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ija. Apongozi a Hiltrud, mayi Ottilie, mwanayo sankafuna n'kumuona komwe. Pabalaza anapachikapo mendulo ya malemu amuna awo, mtanda wachitsulo, ndipo tsiku silinkapita osaulozera.

Lamulungu lina akudya mbatata ndi kabichi wowawasa, mayiwo anamenya tebulo.

"Mawa kamwanaka kapite kosungira ana amasiye! Mbewu ya amantha isamadyere pansi pa mtanda wa ngwazi."

Misozi ya Gerlinde inagwera m'mbale. Ekkehard anangoti zyoli.

"Bambo, pakamwa pamatidwa?" anafunsa Hiltrud. "Chabwino, ndiyankhula ndine."

Nthawi ya nkhondo iye anagwira ntchito zaka zinayi kosula mamendulo omwewo. Anatsitsa mtandawo, natenga maginito ake otolera masingano.

"Usaukhudze, mtengwa wopanda mwambo iwe!"

"Ndaukhudza kale, amayi. Weniweni umakhala ndi chitsulo m'kati, maginito amakakamira. Taonani." Anagunditsa, maginito n'kugwera pansi. "Pakamphete apa tinkadindapo nambala ya wosula. Ili kuti? Uwu ndi wa mtovu, ija ankaumba nkhondo itatha, yonamiza asilikali a ku Amereka. Nanga munthu amene anafa mfuti zikulirabe anaulandira bwanji?"

Ekkehard anadzutsa mutu. "Amayi, kodi bambo anafa bwanji?"

Mayi Ottilie analira mokweza.

"Anawapeza atabisala m'khola la nkhumba. Anawaombera ndi asilikali athu omwe. Mtandawu ndinagula ndekha kumsika, kuti iwe usamayende chowerama."

Hiltrud anawafumbatitsa mendulo ija.

"Kapachikeni, sindiuza munthu. Koma ana a othawa nkhondo alipo awiri patebulo pano. Wanga akachoka, wanunso achoke."

Mayiwo analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko. Ekkehard anatenga mbatata ya m'mbale mwake, naika m'mbale ya Gerlinde. Mwanayo anakulira m'nyumba momwemo.

Alfons anathera pamenepo. Koma ine m'maulendo angawa ndinamva kuti mitanda ina yeniyeni inalibe nambala, inanso maginito inkawakana. Wosula ngati Hiltrud sakanalephera kudziwa zimenezo. Ndikukayika ngati mtandawo unaulula kanthu. Ndiyesa anangoopseza, apongozi n'kudziulula okha.