Anambewe Onse Anasanduka Mmodzi

Mpeti ankagwira ntchito osapuma, osayasamula. Anali makina oganiza amene anaikidwa kuti alumikize malaibulale onse a chigawo chino akhale nkhokwe imodzi. Buku lililonse, chithunzi, ngakhale nyimbo yojambulidwa kalekale, chinali ndi chiphaso chake chonena mwini wake, kumene chinachokera ndi nthawi yake. Mpeti akapeza ziphaso zofanana ankasunga chinthu chomveka bwino, zinazo n'kutaya ngati mankhusu. Akuluakulu ankachita kumuombera m'manja, ati malo akusungika.

Tsiku lina Fanesi Kamwendo analowa mulaibulale ya kwawo, pambali pake pakuyenda yokha njinga ya odwala imene inanyamula bambo ake. Maso a mkuluyo anali atafa, ndipo za mtima wake madokotala anali atagwa nazo mphwayi. Ankangopempha chinthu chimodzi: kumvanso mawu a malemu mkazi wake, amene atangokwatiwa anajambulidwa akuimba nyimbo ya pamtondo.

"Zosavuta zimenezo, mayi. Masiku ano n'kuphethira kwa diso," anatero Bambo Mtambalika, woyang'anira laibulaleyo, monyadira. "Mpeti, tipatse Nambewe, nyimbo ya pamtondo."

Mawu anatuluka m'makoma, osalala, okoma zedi. Mkulu uja anapendeketsa mutu, namvetsera.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi Anambewe, bambo," anayankha Bambo Mtambalika.

"Nambewe wa yani? Wanga uja ayi."

Mpeti anayankha mofatsa, ndi mawu a munthu amene sanalakwepo chibadwire. "Ndinapeza ziphaso zambiri zolembedwa Nambewe, nyimbo yomweyo, dera lomwelo. Ndinaona kuti ndi munthu mmodzi. Ndinasunga yabwino koposa."

Koma abale inu! Ndani sadziwa kuti mkazi wa mwini sumufunsa dzina la paubwana? Ojambula akale aja anali anthu oleredwa. Mayi akatchula mfunda wake kuti "ndine Nambewe", iwo ankalemba zomwezo n'kuthokoza. Ulemu umenewo makina anautenga ngati kubwereza, ndipo mwa anthu onse ovala mataye panalibe amene anawafotokozera.

Fanesi magazi anawira. "Ndiye kuti Anambewe onse a dera lino anatuluka m'mimba imodzi? Osapita kukawafunsa eni ake bwanji musanataye? Inu Bambo Mtambalika, amayi anu ndi ayani?"

"Nawonso ndi Anambewe," anatero Bambo Mtambalika chapansipansi, nakhala pampando.

"Bwezani za amayi anga!" anakalipa Fanesi, akuloza khoma ngati lili ndi nkhope.

"Zotayidwa sizibwerera," anatero Mpeti. "Malaibulale onse anafufuta zawo atalowa m'nkhokwe. Koma musadandaule, zinali zowonongeka. Ina munali mphepo, ina kulira kwa mwana. Inanso woimba anadukiza nyimbo pakati n'kuyamba kuseka."

Mkulu uja anadzuka pang'ono panjingapo.

"Ndi ameneyo! Ndi wangayo! Ine ndinkadutsa, ndikudzionetsera kwa alendo ojambulawo, mbuzi imene ndinkakoka n'kundigwetsa chagada. Anaseka mpaka musi kuutaya. Fanesi mwana wanga, kuseka kwa amayi ako sunakumve iwe. Anapita uli kumsana."

Fanesi anagwira phewa la bambo ake, misozi ya ukali ili chuchuchu.

"Ndamva," anatero Mpeti. "Mukufuna kuseka. Ndakonza."

Asanaletsedwe, nyimbo ija inayambanso. Itafika pakati, mayi wachilendo uja anaseka kuseka kochita kupanga, koyera, kopanda mpweya, koyezedwa bwinobwino. Mwano wake! Kutaya mkazi wa munthu, kenako n'kumubwezera chidole.

"Zimitsani!" anakuwa Fanesi. Bambo Mtambalika anazimitsa, naweramitsa nkhope m'manja mwake.

Mkuluyo sanakalipe. Anafufuza dzanja la mwana wake mpaka analipeza, nalifinya.

"Tiye kunyumba, mwana wanga. Amayi ako amwaliranso lero."

Njinga inatembenuka yokha kulunjika pakhomo, Fanesi akuitsatira. Maliro a ulendo uno analibe ngakhale manda oti munthu akalirepo.